Munthu wa kumikisa naye ndi mmisiri, tisamamutche DJ chabe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ntchito imene anthu amaikumbukira pokhapokha ikalakwika. Ine ndimakhala pa Lizulu, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikukweza masipika pa lole kupita nawo ku maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya chitsitsimutso, ya ndale ndi maliro omwe, kuyambira ku Bembeke ndi ku Linthipe mpaka ku Tsangano, mwinanso kuoloka malire kulowa ku Mozambique. Anthu amangoti "a DJ afika", chonsecho nyimbo amasankha ndi mnyamata wanga. Yanga ntchito ndi yoti mawu a abusa afike kwa gogo amene wakhala kumbuyo kwenikweni, osamuboola makutu mwana amene wakhala kutsogolo. Zikayenda bwino, amayamikiridwa ndi a kwaya. Maiki ikangolira kamodzi kuti tswiii, khamu lonse limatembenuka kuyang'ana ine.

Ntchitoyi sindinaiphunzire m'kalasi. Ndinaiphunzira potentha zinthu. Mu 2009, pa ukwati wina ku Dedza boma, anthu anachuluka mpaka ena kuima panja, ndiye ndinati ndionjezere masipika. Ndinalumikiza anayi ku mbali imodzi ya ampu, chida chimene chimapatsa masipika mphamvu, waya kuchoka pa iyi kupita pa iyo. Kumbuyo kwa sipika iliyonse kunalembedwa 8 ohms, kumbuyo kwa ampu kunalembedwa kuti isatsike pa 4, koma manambala amenewo ine ndinkawaona ngati zokongoletsa chabe. Sindinkadziwa kuti masipika awiri otere ukawalumikiza motero nambala ija imatsika kufika pa 4, anayi imafika pa 2, ndipo ikamatsika ampu imakoka moto woposa mphamvu zake. Perekaniperekani atafika pachimake, akuchikazi akuvina ndi ndalama m'manja, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Kenako utsi, kenako zii. Amalume a mkwatibwi anabwera pamikisa, chida chosakanizira ndi kuwongolera mawu, atavula jekete, ndipo mawu amene ananena simungawasindikize. Mbatata ya kachewere yonse imene ndinakolola chaka chimenecho inathera kugulira ampu ina.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si ampu imeneyo. Patatha zaka ziwiri, mnyamata wina wa cha ku Tsangano amene anali atangoyamba kumene anandionetsa mmene amalumikizira zida zake. Ndinaona ndi maso angawa kuti akuchita chimodzimodzi chija, ndipo ndinakhala chete. Mumtima ndinkati, ndikamuuza andilanda makasitomala. Sipanathe mwezi, yake inapsanso, ndipo inali ya ngongole. Anasiya ntchitoyi, pano amagulitsa kabichi pamsewu, ndipo ndikamadutsa amandipatsa moni wabwinobwino chifukwa sadziwa. Amati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa. Amene anam'dyetsa phula ndi ine.

Mmenemo ndi mmene timakhalira anthu a zokuzira mawu kuno. Aliyense ali ndi kachinsinsi kake m'thumba, ndipo tonse tikulakwitsa zofanana. Ndi angati a ife amene amathyola kamwendo ka eti papulagi, kamene kamatayira moto pansi zinthu zikalakwika, kuti phokoso lija la mmmm lisiye? Phokosolo ndi la magetsi athu omwewa a 50 Hz amene alowerera m'mawaya, ndipo limatheka kulithetsa pogwiritsa ntchito mawaya abwino a maiki otchedwa XLR ndi kutapa moto wa zida zonse pamalo amodzi. Ukathyola eti phokoso limasiyadi, koma tsiku limene waya wamoto adzakhudze chitsulo mkati mwa ampu, moto wa 230 volts udzafuna njira, ndipo njirayo ikhoza kukhala mlomo wa mlaliki amene wagwira maiki. Ine ndinaonapo mlaliki wina akuponya maiki pansi, mpingo n'kumati ndi mzimu.

Maso anga anatseguka chifukwa cha mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene akuphunzira zamagetsi ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre. Ali wamng'ono ankandikulungira mawaya, ndipo amayi ake ankakalipa kuti ndikumuphunzitsa zoyendayenda. Atabwera kutchuthi chaka chatha ndinapita naye ku tchalitchi china chachikulu cha malata, kumene kwa zaka zambiri akhristu ankadandaula kuti ulaliki sumveka, ine n'kumangoonjezera voliyumu. Iye sanakhudze mikisa. Anaima pakati pa tchalitchi muli mbee, n'kuomba m'manja kamodzi, n'kukhala chete kumvetsera mmene kuombako kukubwerera kuchokera kudenga ndi kukhoma lakumbuyo. Anasuntha, n'kuombanso.

"Amalume, vuto si kuchepa kwa mawu. Mukamakweza, mukudyetsa khoma."

Anandiuza titsitse masipika amene ndinawapachika m'mwamba moyang'ana khoma, tiwaweramitse kuti aziyang'ana anthu, komanso akhale kutsogolo kwa maiki osati kumbuyo kwake, chifukwa kulira kuja kumabwera maiki ikamamva sipika yake yomwe, mawu n'kumazungulira. Kukhoma lakumbuyo tinapachikako makatani okhuthala amene amayi a mpingo anasoka. Kenako anayeza ndi mapazi mtunda wochoka kuguwa kukafika pa masipika a panja, n'kunena kuti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho munthu amene ali pa mamita 34 amayamba wamva sipika ya pafupi naye, mawu a kutsogolo n'kumufika mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. N'chifukwa chake ankamva ngati abusa ndi awiri. Mankhwala ake n'kuchedwetsa dala sipika ya panjayo, ndipo batani lochitira zimenezo linalipo kale pa chida changa, ine osaligwirapo chigulireni. Lamulungu limenelo voliyumu inali yotsika kuposa kale, koma agogo ena potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti lero ndiye tamva.

Nditamufunsa ngati zonsezo amaphunzira m'kalasi, anati zina inde, koma zambiri amaziwerenga chifukwa analowa umembala wa ophunzira ku bungwe lotchedwa Audio Engineering Society, mwachidule AES. Bungweli linayamba mu 1948 ku New York, ndipo limasonkhanitsa anthu a ntchito ya mawu a m'mayiko ambiri: ojambula nyimbo m'situdiyo, a pa wailesi ndi pa kanema, opanga masipika, ofufuza a m'mayunivesite. Lili ndi magazini yake ya kafukufuku, limachititsa misonkhano, ndipo membala amatha kuwerenga pa intaneti zolemba zimene akatswiri akhala akusunga kwa zaka zonsezi. Ndi bungwe lomweli limene limagwirizanitsa opanga zida kuti chida cha kampani iyi chizimvana ndi cha kampani ina. Muyeso wotchedwa AES3 wotumizira mawu a digito pawaya unatuluka mu 1985, ndipo wa AES67 wotumizira mawu pa netiweki ya makompyuta unatuluka mu 2013. Chimene chinandikhudza ine si mayina amenewa ayi. Ndi choti anthu amene amapikisana pamsika anakhala pansi n'kulemba zimene akudziwa kuti mnzawo asatenthenso ampu imene iwo anatentha kale.

Ndisanamize owerenga. Umembala umenewu amalipira m'madola, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno. Zolemba zake ndi za Chingerezi, zina zodzaza masamu oti ine ndimangoona zithunzi. Misonkhano yake ikuluikulu imachitikira ku America ndi ku Ulaya, kumene munthu wa pa Lizulu sangafikeko ndi ndalama ya ukwati umodzi. Si laisensi, ndipo sumupatsa munthu ntchito. Koma kwa mwana wasukulu, amene mtengo wake ndi wotsikirapo, ndaona ndekha phindu lake. Mtsikanayu akakakamira pa vuto amakhala ndi anthu owafunsa, ndipo akamalemba kalata yofunsira ntchito amakhala ndi choonetsa kuti sakungoyerekeza.

Makolo a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, mwana akanena kuti akufuna ntchito ya mawu musamangoganiza za mowa ndi madansi. MBC yakhala ikuulutsa mawu kuyambira 1964, ndipo lero mawailesi ndi ambiri, a mipingo, a anthu wamba, a m'madera. Paliponse pamenepo pamafunika munthu woti mawu atuluke oyera. Makwaya athu amapita ku Lilongwe kukajambulitsa chifukwa pafupi pano odziwa ndi ochepa. Opanga mafilimu amagula kamera yodula n'kuiwala mawu, filimu n'kumamveka ngati yajambulidwira m'chigayo. Maholo ndi matchalitchi akumangidwa tsiku ndi tsiku popanda woganizira mmene mawu adzayendere mkatimo. Ndiye palinso chuma chathu chimene chikupita ndi nkhalamba. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anayenda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za makolo athu, ndipo zambiri mwa izo zikusungidwa ku South Africa. Lero ndi ndani wa kuno amene angaike maiki pamalo oyenera kuti mbalule imveke payokha osamira mu ng'oma zinzake, kapena kujambula ngoma ya Angoni pa Umhlangano ku Nkolimbo mpaka kugunda kwa phazi pansi kumveke? Zimene timaziona ndi za pafoni, mphepo ili puu.

Pali china chimene palibe anandichenjeza. Khutu langa lakumanzere limalira usiku ngati muli nkhululu, ndipo mkazi wanga akamayankhula ndili chakumbali ndimangoti "ee" osamva. Akatswiri amati phokoso la 85 decibels munthu asakhalemo kupitirira maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Ife pa ukwati timayamba masana mpaka dzuwa kulowa, ana ali kakaka kutsogolo kwa sipika, amayi ena ndi khanda kumsana. Eni ukwati amati kwezani amve a mudzi winawo kuti kuno kuli zinthu. Ndikakana ndekha, mawa aitana mnzanga amene sakana.

Apa ndi pamene ndikuti tikufunika pokumanira pathu. Oimba ali ndi Musicians Union of Malawi, ndipo za umwini wa nyimbo amayang'anira a COSOMA kuyambira 1992. Ife a kumikisa kuno kwathu timangokumana pa shopu ya wokonza ma ampu, aliyense atanyamula yake yopsa, osafunsana chimene chachitika. Tikanakhala ndi kabungwe, ngakhale ka anthu 15, tikanagwirizana zoti kasitomala azipereka kaye theka ndi kusainirana pepala, m'malo mwa "tikuonani mawa" amene ine ndikumudikirabe kuchokera pa msonkhano wina wa ndale zaka zisanu zapitazo. Tikanamabwerekana jenereta yabwino, kuphunzitsana kuti ampu imayatsidwa pomaliza ndi kuzimitsidwa poyamba, kuchenjezana za mame a mwezi wa June amene amaononga masipika ogonekedwa panja. Tikanasonkherana n'kumulipirira mmodzi wodziwa Chingerezi umembala wa AES kuti azidzatiphunzitsa m'Chichewa zimene waphunzira. Tikanapitanso ku TEVETA ngati gulu kukapempha kuti luso limeneli lizikhala ndi mayeso ndi satifiketi monga ukalipentala ndi kuwotcherera, chifukwa munthu mmodzi wa pa Lizulu akapita yekha amangomulandira pageti.

Anzanga a zokuzira mawu a ku Dedza boma, Bembeke, Lizulu, Tsangano ndi Ntcheu boma, pa lole timadutsana ndipo timadziwana. Loweruka ndi Lamulungu tonse timakhala pa ntchito, choncho ine ndikuti tikumane Lachiwiri lina pano pa Lizulu, popeza ndi pakati. Mwana wa mchemwali wanga wavomera kudzatiwerengera nkhani ya ma ohms pa bolodi akabwera kutchuthi, ndipo mnyamata wa kabichi uja ndikamuitana ndekha. Ampu yopsa ya 2009 ija ndinaisunga kuseri kwa chitseko. Ndidzabwera nayo, tidzaitsegule.

Wa zokuzira mawu,
Lizulu, Ntcheu