Kalata kwa a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lathu, kuchokera kwa mzamba wa kumudzi

Bwana,

Makalata atatu ndinapereka kudzera kwa a in-charge, oyang'anira chipatala chathu, yankho mpaka lero. Ndiye iyi ndalembera poyera.

Ndisanavale yunifolomuyi ndinali m'gulu la onyoza anamwino. Mayi anga atagonekedwa ndinagona pansi pa bedi lawo sabata ziwiri ngati gadiyani, ndikumati anthu awa ndi ouma mtima, amangojijirika ndi mafoni odwala akubuula. Lero ndatha zaka zisanu ndi chimodzi pantchito, ndipo ndikamva mawu omwewo m'minibasi ndimangoyang'ana pawindo.

Usiku wina m'dzinja lapitali mayi wina anachira bwinobwino, kenaka anayamba kutaya magazi. Magetsi anali atazima, batire la sola linafa kalekale. Anandiunikira ndi mlonda, ndi tochi ya pafoni, nkhope atatembenuzira kukhoma chifukwa cha manyazi. Dzanja limodzi ndikutikita mimba, linalo ndikuimbira ambulansi. Anati mafuta palibe. Ndinatuluka kukauza bambo wake kuti asake galimoto yahayala, ndipo anandiyang'ana ndendende momwe ine ndinkawayang'anira anamwino aja. Anakapinyolitsa njinga usiku womwewo. Mayiyo ali moyo, koma m'mudzi nkhani inafala yoti adokotala anafuna ndalama.

Zina mukuzidziwa: mankhwala a malungo a LA amatithera malungo ali pachimake, magolovesi timachita kuwerenga, ndalama za locum, zolipira maola owonjezera, zimatenga miyezi, nyumba yanga ikudontha.

Sindikuyeretsa anzanga. Osolola mankhwala alipo pakati pathu, ndipo ine ndemwe ndinakalipirapo mayi ali pa matenda, nditagwira usana ndi usiku ndekha. Ndimachita nazo manyazi. Ndikudziwanso kuti inu simupanga ndalama. Ndinali kamtsikana pamene atsogoleri a mu Africa ankalonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona mafuta atakwera. Koma batire lija munalonjeza ndinu, mutaima pakhonde pathu, mfumu ikumva.

Bwana, tigulireni batirelo, ndipo mafuta a ambulansi muziwasunga padera. Ngati sizitheka, bwerani mudzauze nokha komiti ya chipatala chifukwa chake, chifukwa ine ndatopa kutukwanidwa m'malo mwanu.

Ine mzamba wanu.