Mafulati amangidwe kumbuyo, osati pamwamba pa nyumba zakale za ku Nkhotakota

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yomanga nyumba zamakono zogonamo pamwamba pa nyumba zakale zomwe zimasunga mbiri ya mzinda. Kumayiko a anzathu zikuchitika ndithu. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, nyumba ya Elbphilharmonie yomwe idatsegulidwa mu 2017 idakhala pamwamba pa nyumba yakale yosungiramo katundu padoko, ndipo m'mwambamo muli holo ya zoimbaimba, hotela ndi nyumba zogona anthu. Ena akaona zithunzi zake amati bwanji ifenso kuno ku Nkhotakota tisatero, poti nyumba zalendi zikusowa.

Kusowako n'koona. Mphunzitsi kapena namwino akangotumizidwa kuno, chomusowetsa tulo choyamba ndi pogona. Koma zithunzizo sizionetsa kuti ku Hamburg amisiri adaphwasula zonse zam'kati mwa nyumba yakaleyo, n'kusiya makoma akunja okha, kenako n'kuwonjezera mizati ya konkire pansi kuti inyamule katundu watsopanoyo. Ndalama zake si zamasewera.

Nanga zathuzi? Pitani mukagwire khoma la sitolo yakale iliyonse ya khonde lalitali. Njerwa zake n'zootcha, inde, koma pakati pa njerwazo mukakanda ndi chala pamayoyoka dothi. Maziko ake ndi osazama chifukwa amene adamanga ankawerengera denga la malata basi. Mitengo ya kudenga chiswe chidaidya kale, ndipo nthawi yadzinja chinyezi chimakwera m'makoma kufika m'chiuno. Kusenzetsa khoma lotere silabu ndi zipinda zina pamwamba kuli ngati kuuza gogo wa ndodo kuti abereke mwana wamkulu kumsana. Tisaiwalenso kuti dera lino la m'mphepete mwa nyanja limagwedezeka. Chivomezi cha mu 1989 chidagwetsa nyumba ndi kupha anthu kwa anzathu ku Salima kuno, si kutali ayi.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti tili ndi zochepa zotsala. Tawuni ino ndi imene Jumbe, mtsogoleri wa amalonda a Chiswahili, ankasonkhanitsira akapolo n'kuwawolotsa nyanja. Ndi kuno komwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu uja. M'tchalitchi cha Anglican cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895. Mlendo wobwera kudzaona zimenezi amafuna aone tawuni yooneka msinkhu wake. Nyumba yakale ikangosenza magalasi ndi matanki a madzi pamwamba, chotsala ndi chikhoma chabe, ndipo ikang'aluka mwiniwake adzangoti tiyeni tiigwetse.

Malo kuno alipo. Kumbuyo kwa nyumba zambiri zoterezi kuli mabwalo omwe angomera thengo. Mafulati amangidwe kumeneko pa maziko awoawo, ndipo gawo la lendi lizikonzera nyumba yakutsogoloyo: malata atsopano, mankhwala a chiswe, ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa khoma.

Pempho langa ku khonsolo ndi ku nthambi ya boma yosamala zinthu zakale ndi lakuti alembe m'kaundula nyumba zonse zakale za tawuni ino, eni ake adziwitsidwe, ndipo pulani iliyonse yofuna kukweza nyumba yotere isadutse injiniya asanayeze maziko ake.

Nzika yokhudzidwa,
Nkhotakota