Matenda a m'mapapo amafooketsanso mtima

A Mkonzi,

Ndalemba kalatayi pofuna kukumbutsa owerenga kuti matenda okhalitsa a m'mapapo otchedwa COPD, omwe kawirikawiri amayamba chifukwa cha fodya ndi utsi wa nkhuni, sathera m'chifuwa mokha. Mapapo akawonongeka, magazi amadutsa movutikira m'mitsempha yake, motero mbali ya kumanja ya mtima imapopa modzikakamiza mpaka kukula ndi kufooka.

Azakhali anga, omwe anaphika pamafuwa m'khitchini yopanda zenera kwa zaka zambiri, anayamba kutupa mapazi mpaka nsapato kukana kulowa, koma ife tinkangoti ndi ukalamba, osadziwa kuti kutupa kotere kungakhale chizindikiro cha kufooka kwa mtima. Ndikupempha achipatala kuti wodwala wotere akafika akubanika, asamangomupatsa mankhwala opopera m'kamwa okha, koma azimuyezanso mtima.

Ine wowerenga wanu,
Ku Zomba