Kwa mwana wanga amene akudwazika apongozi ake ku Chipata

Mwana wanga,

Kuno ku Chadiza tili bwino, mvula yokha ndiyo yachedwa. Mlongo wako wandiuza kuti chichitireni opaleshoni ya chophukacho, apongozi ako akuiwala mayina a ana awo, usiku akuzula dilipi ati akatsekere ng'ombe, ndipo akuchimuna ayamba kunong'ona zowatulutsa kuti apite nawo kwa sing'anga. Zimenezo ukane, mwaulemu koma ukane.

Pa unamwino wanga ndinaziona kawirikawiri, makamaka kwa opitirira zaka 65. Mankhwala ogonetsa ali ndi mbali yake: midazolam amaiwalitsa zimene zachitika atangobayidwa, ketamine amalotetsa zoopsa munthu akamatsitsimuka. Koma zimenezo zimatha m'maola ochepa. Kubalalika mutu kobwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kokula dzuwa likalowa n'kuchepa m'mawa, kumakhala ndi gwero lina: ululu, kusowa tulo, kuchepa madzi m'thupi, kudzimbidwa, kapena matenda a m'chikhodzodzo ngati anawaika paipi ya mkodzo. Zonsezi mankhwala ake ali m'wodi momwemo.

Tsono nkhani ya kachasu. Tonse tikudziwa kuti bambowo tsiku silinkapita osalawa. Munthu wotere akasiya mwadzidzidzi, pakatha masiku awiri kapena atatu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, mwinanso kukomoka, ndipo amatha kufa nazo. Mtengwa sangayambe yekha kuulula za mowa wa apongozi, ndikudziwa, choncho tuma mwamuna wako akauze adokotala lero lomwe, asachepetse mabotolo.

Iwe uwabweretsere magalasi awo, masana utsegule makatani, uziwauza tsiku ndi malo amene ali. Akafunsa za ng'ombe usatsutsane nawo, ungoti zatsekeredwa kale. Odzazonda azilowa awiriawiri, osati mudzi wonse kuzinga bedi. Malangizo a adokotala uzilemba m'kope, eni akewo sawasunga. Ndipo pasapezeke wowasainitsa za munda kapena wowafunsa PIN ya foni panopa. Ngakhale wachinyamata timamuletsa kusaina mapepala maola 24 oyamba atachitidwa opaleshoni.

Ambiri nzeru zimabwerera m'masiku ochepa, ena kuiwalaiwala kumatsalira masabata kapena miyezi. Koma ukaona pakamwa papotoka, mkono umodzi walefuka, mawu akukokeka, kapena akuvuta kudzutsa, thamangira namwino pomwepo, usadikire kuti kuche.

Loweruka nditumiza ufa ndi nsinjiro za phala lawo. Nawenso uzigona, usinthane ndi alamu ako.

Ndine mayi ako.