Pepala lilembedwe mukadali kuseka limodzi

Lizulu, Ntcheu

Mwana wanga,

Kuno tilipo, kaya iwe kumeneko pamodzi ndi mkazi wako ndi mdzukulu wanga. Bambo ako mwendo uja waphwa, ayambanso kupita kudimba. Kachewere wachita bwino chaka chino, kungoti tonse takumba nthawi imodzi, ndiye mavenda ochokera ku Blantyre akungotchula mtengo umene akufuna.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umangoti "eya amayi, eya amayi" maganizo ali kwina, mayunitsi n'kutha nkhani isanafike pakati. Kalatayi uiwerenge kawiri. Kachiwiriko uwerenge mokweza anzako atatu aja ali pomwepo, pakuti zambiri zikukhudza nonse.

Nkhani ya mzungu amene anakumvani mukuimba, amene akufuna kukujambulirani chimbale chachiwiri ndi kukutengerani ku Ulaya, yandisangalatsa. Zoti usiye gitala ukafune ntchito yapamwezi sindinenapo. Amalume ako anena mokwanira ndipo ine sindili mbali yawo. Wakula, uli ndi banja, ndipo ndaona kuti zoimbazi suzichita mwachibwana.

Chimene chikundisowetsa tulo n'china. Muli anthu anayi. Mwaimba limodzi zaka zingapo, mwasonkherana n'kutulutsa chimbale choyamba popanda kampani kapena bwana, koma mpaka lero palibe ndi kapepala komwe konena kuti ichi n'cha uje, ichi n'cha tonse. Nditakufunsa unaseka, unati inu ndi pachibale. Sindikutsutsa. Koma pakadali pano chimene mumagawana ndi ndalama ya basi ndi ya nsima, ndipo pa ndalama yotere anthu sakangana. Mkangano udzabwera tsiku limene nyimbo imodzi yatchuka, wailesi zonse zikuiika, wina n'kukumbukira kuti mawu ake anapeka ali yekha kuchipinda kwake, winanso n'kuti pakanapanda kaliridwe kaja ka babatoni nyimboyo bwenzi palibe woivina.

Ukudziwa kuti ine ndimasunga buku la banki m'khonde yathu. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi amene alibe kiyi. Ndalama timawerenga mokweza aliyense akuona, ngakhale chindapusa cha wobwera mochedwa chimalowa m'buku. Amayi amenewa timapemphera mpingo umodzi, timaphika limodzi pamaliro, palibe amene timamuganizira zakuba. Koma maloko aja ndi amene achititsa kuti chaka chikatha, titagawana, tizipatsanabe moni pamjigo. Bandi yanu ikufunika zomwezo.

Mugule kope la ana asukulu, mukhale pansi Lamlungu lina masana, muyambe ndi nyimbo imodziimodzi, za m'chimbale choyamba ndi zatsopanozi. Pansi pa mutu uliwonse mulembe amene anapeka mawu, amene anapeka maimbidwe, ndi gawo la aliyense pa 100. Penapake mudzakwezerana mawu. Bola kukwezerana lero pa nyimbo imene sinabweretse kanthu. Magulu ena amangogwirizana kuti nyimbo iliyonse ndi ya onse mofanana posayang'ana amene anabwera nayo, ndipo ine ndikanakhala mmodzi wa inu ndikanasankha zimenezo, chifukwa woliza ng'oma akadziwa kuti alibe gawo m'nyimbo amayamba kusuzumira kumabandi a ena. Koma zimenezo muweruza nokha.

Mukamaliza mupite nazo ku COSOMA mukalembetse. Bungwe limeneli lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Ndilo limatolera ndalama kunyumba zoulutsira mawu, m'malo achisangalalo, ndiponso ya msonkho wa zipangizo zosungiramo nyimbo, n'kugawira eni ake. Silingapatse kanthu munthu amene dzina lake mulibe m'mabuku ake. Likalandiranso dzina limodzi pa nyimbo ya anthu anayi, ndalama ipita kwa mmodziyo, ndipo otsalanu mudzangoyembekeza chifundo chake.

Usamale ndi nyimbo zija munatola kwa agogo ako, za pamtondo ndi za ngoma. Sunapeke ndiwe. Lamulo limaika nyimbo za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa mtundu wonse, choncho polembetsa unene zoona, kuti inu munangozikonza mwatsopano. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kuno anthu amazidziwa. Ukakaimba pa Umhlangano ku Nkolimbo n'kunena kuti ndi yako, nkhalamba zachingoni zidzakuseka pamaso pa Inkosi Gomani.

M'kope lomwelo mulowenso zida. Gitala unagula wekha, imeneyo ndi yako. Nanga masipika awiri aja munagula ndi ndalama ya ukwati wa ku Dedza? Wina akachoka, anyamula sipika imodzi kapena mumubwezera gawo lake? Mukagawikana awiriawiri, dzina la bandi litsala ndi yani? Ndamva kuti nambala yachinsinsi ya Facebook ndi YouTube yanu ali nayo mmodzi, ndipo ndalama zonse zimalowa pa Mpamba ya foni yake. Mnyamatayo ndimamukonda, ndi waulemu. Koma foni imabedwa, munthu amadwala, ndipo mukumusenzetsa mayesero amene sanawapemphe. Tsekulani akaunti ya gulu yosainira anthu awiri. Ndalama iliyonse ikalowa, muziyamba mwapatula ya bandi, yogulira nsambo ndi zikopa, ya mayendedwe ndi ya situdiyo, kenako muzigawana zotsalazo.

Tsopano za mzunguyo. Mwina ndi munthu wabwino, ndipo sindikufuna umulandire ndi nkhope yokayika. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anakhala bwenzi la banja lawo kwa zaka zambirimbiri. A Madalitso Band, anthu awiri okha, wina babatoni wina gitala ya nsambo zinayi, anaimba m'misewu ya Lilongwe kwa nthawi yaitali asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya. Njirayo ilipodi, ena adutsamo. Koma ndikukumbukiranso Allan Namoko wa ku Thyolo, amene banjo yake tinakula tikuimva pa MBC. Dziko lonse linkamudziwa, koma anamwalira mu 1995 ali wosauka. Posachedwapa taonanso za a Giddes Chalamanda. Nyimbo yawo inazungulira dziko lonse pa TikTok, anthu mamiliyoni akuivina, eni ake ali kwawo ku Chiradzulu ndi zaka zopitirira 90, ndipo ndalama sizinathamange liwiro limene nyimboyo inathamanga.

Ndiye akakupatsani pepala lachingerezi musasaine tsiku lomwelo, ngakhale anene kuti ndege yake ikunyamuka mawa. Funso lalikulu ndi lakuti zojambulazo zidzakhala za yani. Nyimbo imene mwapeka ndi chuma china, chimene chajambulidwa mu situdiyo ndi chuma chinanso, ndipo kawirikawiri chachiwirichi chimapita kwa amene walipira situdiyo. Ngati n'kotheka mumubwereke, musamugulitse. Agulitse chimbalecho zaka zakutizakuti, m'maiko akutiakuti, zakazo zikatha chibwerere kwa inu, ndipo muno m'Malawi muzigulitsa nokha kuyambira tsiku loyamba. Mukaona pepala likunena kuti mwapereka mpaka kalekale ndiponso padziko lonse lapansi, ikani cholembera pansi.

Mufunsenso za matikiti a ndege, viza ndi malo ogona. Akulipira iye basi, kapena ndi ngongole imene adzadula pa malipiro anu? Alipo oimba amene amaimba mwezi wathunthu kunja, maholo odzaza, n'kubwera ndi jekete ndi zithunzi zokha, popanda amene wawabera. Zonse zinalembedwa m'pepala limene iwo sanawerenge. Malipiro anu alembedwe m'ndalama yakunja, osati m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo iwe wemwe unandidandaulira mtengo wa nsambo mwezi wotsatira. Pepalalo mukalionetse kwa loya, kapena ku COSOMA komweko, kapena ku bungwe lanu la oimba la MUM, ndipo aliyense wa inu asunge lake.

Ulendo wakunjawo, ukatheka, ndi wa miyezi yawo yotentha, Juni mpaka Ogasiti, ife kuno tikuwotha moto. Miyezi yotsalayo mudzadya za kuno, choncho musayambe kunyoza zinkhoswe ndi maukwati chifukwa choti mwakwera ndege. Muziwerenganso chaka monga mmene omvera anu amachiwerengera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula ili mkati, ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, munthu sangalipire pakhomo kuti amve gitala ufa utatha m'nyumba. Imeneyo ndiyo nthawi yopeka ndi kujambula. Ndalama imayamba kuoneka fodya akalowa pamsika cha mu Epulo ndi mbewu zikafika m'nyumba, kenako maukwati amatsatana, ndipo chilimwe chikafika pachimake kumabwera maphwando akuluakulu monga Lake of Stars ndi Tumaini ya ku Dzaleka. Chimbale chituluke nthawi imeneyo. Ndipo chonde, pokhazikitsa chimbale musatenge katapila kuti mulipire holo yaikulu ya mumzinda. Holo yaing'ono yodzaza imakusiyirani kanthu m'thumba.

Okonza maphwando ndi anthu okoma pakamwa. Theka la malipiro lizilowa musananyamuke, lotsalalo musanakwere pansanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akanena zogawana za pakhomo, pakhomopo pakhale munthu wanu wowerenga mitu, asakhale mmodzi wa oimbanu ayi.

Gitala muziilipirira mpando mu minibasi. Ndinaona kondakitala pano akukankhira gitala ya mwana wina pansi pa matumba a kabichi, mtima unandipweteka ngakhale sindinkamudziwa mwiniwakeyo. Mukatsika Khwekhwelere, kuchoka kozizira kwa Dedza kupita kotentha kwa Golomoti ndi kunyanja, thabwa ndi chikopa zimasintha, nsambo zimasochera. Muzifika msanga, zida zikhale kaye pamthunzi, kenako muzichuna. Nsambo zapadera zisamasowe m'chikwama. Waya wa buleki ya njinga unkakuthandiza uli mnyamata, koma pano anthu akulipira.

Za kugulitsa chimbale usadzinamize. Nthawi ya matepi woimba ankapita kwa OG Issa, wogulitsa matepi ku Limbe, n'kubwerako ndi ndalama m'thumba. Lero pa Lizulu pompano anyamata a makompyuta amadzaza memory card ndi nyimbo mazanamazana pa ndalama yosakwana mulu wa tomato. Zako zilimo, ndazimva mu minibasi, ndinanyadira uku ndikuwerengera zimene sunalandire. Spotify inafika kuno mu 2021, koma imalipira kachepechepe munthu akamvera, ndipo omvera anu ambiri bandulo imawavuta. Ntchito yaikulu ya chimbale masiku ano ndi kukuitanitsani kokaimba, ndi kugulidwa pamanja ndi munthu amene wangokuonani pansanja thukuta lisanaume. N'chifukwa chake chizimveka monga mmene mumamvekera pabwalo. Wojambula akakuuzani kuti muikemo kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta kuti zikome pawailesi, mukane mwaulemu. Oimba otero adzaza kale dziko lino, ndipo mzunguyo sanawoloke nyanja kudzafuna kiyibodi, kwawo zilipo zambiri. Komanso magetsi akathima pa ukwati, DJ amakhala pansi n'kuyamba kufunsa za jenereta, inu mumangosendera pafupi ndi anthu n'kupitiriza.

Za mowa ndi akazi a m'njira sindichulutsa. Maliro amene tinaika m'mudzi muno iwe uli wamng'ono unawaona wekha. Kulikonse mwagona, muzichoka mutalipira ndiponso mutatsanzika, ukayenda siya phazi, chifukwa chaka chamawa mudzafunanso kuimba komweko.

Koma za mkazi wako ndinenapo. Iwe ukakhala pamsewu, lendi, sukulu ya mwana ndi matenda ausiku zimagwera iye. Gawo lako likalowa, la pakhomo lizipita pafoni yake tsiku lomwelo, osadikira kuti ubwere ndi zotsala. Polembetsa nyimbo ukafunsenso mmene ungalembetsere iye ndi mwana kuti adzalandire m'malo mwako. Nyimbo imakhalabe chuma cha banja zaka 50 mwini wake atamwalira, ndipo ndikunena ine mayi ako, abale athu ndimawadziwa. Amene akukunyoza lero chifukwa cha gitala ndi omwewo adzayambe kufika ndi mabasiketi.

Loweruka ndikutumiza thumba la kachewere ndi makabichi pa minibasi ya m'mawa, kondakitala adzakuimbira akafika m'depoti. Mugawireko anzakowo, makamaka wa babatoni uja, waonda. Pepala la mzungu likafika ubwere nalo kuno usanapite nalo kwina. Chingerezi cha uphunzitsi sichinandithere, ndipo bambo ako, ngakhale sanena, akufuna kuliona.

Moni kwa onse kumeneko. Mdzukulu wanga mumuveke juzi, kwayamba kuzizira.

Ndine,
Mayi ako