Chilengezo: Ulendo wa ku Nyika

Mamembala nonse, ulendo wa ku Nyika uja watheka. Tinyamuka Lachisanu 5 koloko m'mawa pa Katoto, kudzera ku Rumphi ndi pa geti ya Thazima, kukagona ku Chelinda. Kuchoka pamenepo ndi wapansi masiku 3 mpaka ku Livingstonia, motsogozedwa ndi msilikali wa paki. Osapatuka pagulu, ngakhale mbidzi zitaima chapafupi.

Kumtunda kuja, mamita opitirira 2,000, mu Juni muno kumazizira kuposa Mzuzu wathuyu. Kukamacha udzu umachita kuyera ndi chisanu. Tengani majuzi, tochi ndi nsapato zoyendera kale. Zatsopano zimatulutsa matuza, enafe tinalira nazo chaka chatha.

Chikwama aliyense asenza yekha, ndiye mapoto aakulu asiyeni kunyumba. Amene simunamalize kusonkha, onanani ndi msungichuma pofika Lachitatu.