Siginecha ya pakompyuta ikakanidwa, tisathamangire kuzimitsa chitetezo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga amene timasamalira makompyuta m'maofesi a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, komanso ndi mabwana amene amatilemba ntchito. Nkhani yake ndi ya zikalata za mtundu wa XML (kalembedwe kamene mapulogalamu amagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga) zimene zimabwera zitasayinidwa pakompyuta, zomwe pulogalamu imakhala ikuzilandira bwinobwino kwa zaka zambiri, koma tsiku limene framework (maziko amene pulogalamuyo inamangidwapo) yakwezedwa, kaya ndi ya .NET kapena ya Java, imayamba kuzikana n'kumanena kuti siginecha si yoona. Vutoli palokha silindidetsa nkhawa, chifukwa limatheka kulikonza. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira yachidule imene ambiri akuthamangira, yomwe ndi kuchotseratu gawo lotsimikizira siginecha kuti bwana asiye kukalipa.

Zikalata zoterezi zimanyamula mauthenga a ndalama, ma invoisi ndiponso chilolezo cholowera m'mapulogalamu kudzera mu SAML (njira yotsimikizira amene akulowa), ndipo kuno ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limavomereza siginecha za pakompyuta. Choncho ofesi imene yasiya kuzitsimikizira ikulandira chikalata chilichonse ngati choona, ngakhale chimene munthu wina wasintha nambala ya akaunti chili m'njira.

Kuti munthu apeze pamene palakwika, ayenera kudziwa kuti ndondomeko ya XML Signature, imene bungwe la W3C linakhazikitsa mu 2002, imayesa chikalata kawiri. Poyamba, kompyuta imatenga gawo limene linasayinidwa, imalisanja m'njira yogwirizana imene amati canonicalization, kenako imawerengera hash yake (nambala yaifupi yoimira zilembo zonse za gawolo, imene imasintha chilembo chimodzi chikasintha) n'kuiyerekeza ndi imene yalembedwa mu DigestValue. Ikatero imatenga gawo la SignedInfo, n'kuyesa ngati SignatureValue, yomwe ndi siginecha yeniyeniyo, ikugwirizana ndi kiyi wa pakompyuta wa amene anasayina. Tsoka lake n'lakuti mapulogalamu ambiri amangoyankha kuti zakanika, osatchula mayeso amene alephera, ndipo mmisiri amayamba kungolota. Ntchito yoyamba, tsono, ndi kukakamiza pulogalamu kuti iulule. Mu Java mungathe kuyesa Reference iliyonse (gawo lolozera chimene chinasayinidwa) payokha, ndipo mukatsegula cacheReference mumaona ndi maso zilembo zenizeni zimene zinalowa mu hash. Mu .NET muli kaundula wa SignedXml amene amatsegulidwa kudzera mu System.Diagnostics. Ndi bwinonso kuyesa fayilo yomweyo ndi chida china chosadalira framework yanu, monga xmlsec1, pogwiritsa ntchito fayilo yoyambirira monga inafikira, osati imene wina waitsegula n'kuisunganso.

Ngati hash ndi imene yasiyana, ndiye kuti china chake chasintha chikalatacho chisanafike poyesedwa, ndipo kawirikawiri wosinthayo si wakuba ayi, koma pulogalamu yanu yomwe. Mipata ndi mizere yopanda kanthu imene ili pakati pa zigawo za XML imawerengedwa mu hash, pamene XmlDocument ya .NET imataya mipata imeneyi pokhapokha mutaika PreserveWhitespace kuti ikhale true musanatsegule fayilo. Chimodzimodzinso chida chilichonse chokongoletsa XML kuti iziwerengeka bwino chimaononga siginecha.

Pali mbali ina imene ikutikhudza ife olemba Chichewa kuposa anzathu akunja, ndipo ndinaiona pa ofesi ya gulu lina la alimi ku Ntcheu. Atasamutsa pulogalamu yawo kuchoka ku .NET Framework kupita ku .NET yatsopano, zikalata zambiri zinkadutsa koma zina zinkakanidwa, ndipo mlembi wa pamenepo anali ataziunjika pambali n'kuzilemba ndi cholembera chofiira kuti n'zokayikitsa. Titaziyala pa tebulo n'kuziwerenga chimodzichimodzi, tinaona kuti zonse zokanidwazo zinali ndi dzina la munthu kapena la mudzi lokhala ndi ng’, lolembedwa ndi kachizindikiro kopindika kamene Word imaika yokha, ndipo china chinali ndi ŵ. Chifukwa chake n'chakuti Encoding.Default, imene imauza pulogalamu mmene iwerengere zilembo za m'fayilo, mu .NET Framework imatsatira kalembedwe ka Windows ya pa makinawo, kawirikawiri Windows-1252, pamene mu .NET yatsopano nthawi zonse imakhala UTF-8. Kachizindikiro kopindika kaja ndi byte (muyeso wa malo osungira zilembo) imodzi mu Windows-1252 koma ndi zitatu mu UTF-8, ndipo ŵ mu Windows-1252 mulibemo n'komwe. Pulogalamuyo inkayamba yasandutsa fayilo kukhala mawu wamba isanaipereke kwa chowerengera XML, ndipo zilembozo zinkaonongekera pamenepo. Kukonza kwake kunali kungopereka fayiloyo mwachindunji kuti chowerengera chizidziwerengera chokha kalembedwe kamene katchulidwa pamzere woyamba. Palibe amene anabera gululo, koma alimi ena anachedwa kulandira ndalama zawo chifukwa cha kalembedwe ka maina awo.

Za ma namespace (mayina osonyeza gulu limene zigawo za XML zikuchokera) ndingotchula mwachidule kuti chikalata chimene chinasayinidwa pachokha kenako n'kukulungidwa mu SOAP (envulopu ya XML yotumizira mauthenga) chimafuna kasanjidwe kapadera kotchedwa exclusive canonicalization, apo ayi chimatengera ma namespace a chokulungiracho ndipo hash imasintha.

Nkhani imakula pamene chikalata sichinasinthe ngakhale pang'ono, koma framework yatsopano ikuchikana dala. Apa m'pamene mabwana ayenera kumvetsera. Java 17, imene inatuluka mu Seputembala 2021, imayesa siginecha za XML mokhwimitsa popanda wina kuiuza, ndipo imakana siginecha zopangidwa ndi SHA-1, njira yakale yowerengera hash. Sikuti opanga Java anangofuna kutivutitsa. Mu Febuluwale 2017 akatswiri a Google ndi a CWI ku Amsterdam anaonetsa poyera mafayilo awiri osiyana okhala ndi hash imodzi ya SHA-1, ndipo bungwe la NIST la ku America linalengeza kuti SHA-1 isiyiretu kugwiritsidwa ntchito pofika kumapeto kwa 2030. Ku mbali ya Microsoft, .NET Framework 4.7.1 ya mu 2017 inayamba kusayina ndi SHA-256, njira yolimba kuposa SHA-1, ngati wolemba pulogalamu sanasankhe yekha, kotero kuti nthawi zina vuto limatembenuka: inu mwakweza, koma amene mukuwatumizira akadali ndi makina akale ndipo ndi iwo amene akukana zanu.

Malamulo ena okhwima amakhudza Id, kanambala kapena kadzina kamene siginecha imalozera. Kuyambira pa Java 7 update 25 ya mu 2013, pulogalamu iyenera kunena momveka kuti Id ndi iti, ndipo chigamba cha chitetezo cha Microsoft cha mu Malichi 2016, MS16-035, chinachititsa SignedXml kukana zikalata zimene zigawo ziwiri zili ndi Id yofanana. Chimene akutseka apa ndi chinyengo chimene tonse timachidziwa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, pamene thumba la mbatatesi limaikidwa zikuluzikulu pamwamba koma pansi pali zina. Wachinyengo amasiya gawo losayinidwa bwino kuti liyesedwe, n'kulowetsa gawo lake labodza pamalo pamene pulogalamu imawerenga. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Ruhr ku Bochum, m'dziko la Germany, anayesa ma framework 14 a SAML ndipo 11 anagwa m'chinyengo chimenechi. Mmisiri amene akuzimitsa malamulowa akutsegulanso khomo limene linatsekedwa pa zifukwa zomveka.

Chomaliza choyang'ana ndi satifiketi, chikalata cha pakompyuta chotsimikizira mwini wake wa kiyi, ndipo kuno kwathu ndimayamba ndi wotchi ya kompyuta. Makina akale amene kabatire kake ka CR2032 kanatha mphamvu amaiwala tsiku nthawi iliyonse magetsi akazima, ndipo kompyuta imene ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo imaona satifiketi yabwinobwino ngati imene nthawi yake sinakwane. Seva yatsopano imathanso kusowa satifiketi ya bungwe limene linapereka ya wosayinayo, kapena kulephera kufunsa pa intaneti ngati satifiketiyo sinathetsedwe, makamaka netiweki ikamadukaduka. Mu .NET, CheckSignature imalola kuyesa siginecha yokha popanda kutsimikizira satifiketi, ndipo zimenezi n'zothandiza pofufuza, koma si zoti n'kuzisiya choncho mpaka kalekale. Choopsa kwambiri ndi kuyesa siginecha ndi kiyi amene wabwera m'chikalata momwemo osamuyerekeza ndi satifiketi imene munalandira kale kwa mwini wake, popeza aliyense angathe kusayina chikalata chabodza n'kuikamo kiyi wake.

Pamene vuto lili SHA-1, njira yoyenera ndi kulembera amene amatumiza zikalatazo kuti ayambe kusayina ndi SHA-256. Ndikudziwa kuti ofesi yaing'ono ya ku Lobi kapena ku Tsangano ilibe mphamvu yolamula kampani ya mu mzinda, ndipo malipiro a anthu sangadikire mpaka kalata iyankhidwe. Zikatero, mu Java n'zotheka kufewetsa lamulo limodzi lokhalo mu jdk.xml.dsig.secureValidationPolicy, m'fayilo ya java.security, n'kusiya ena onse ali chilili. Koma chilolezo chimenechi chilembedwe papepala, bwana asayine, ndipo patchulidwe tsiku lodzabwezeretsa lamulolo.

Kwa mabwana, pempho langa n'lakuti musalamule kuti framework ikwezedwe kumapeto kwa mwezi pamene malipiro ali pafupi, ndipo mulole mmisiri wanu asunge zikalata zakale zosiyanasiyana, kuphatikizapo zokhala ndi ng’ ndi ŵ, zoti aziyesera pa makina apadera asanakhudze seva imene ofesi ikudalira. Kwa makampani ndi mabungwe amene amatitumizira zikalata zosayinidwa, chonde muzitidziwitsa mwa kalata, nthawi ikadalipo, mtundu wa hash umene mukugwiritsa ntchito, tsiku limene satifiketi yanu idzathe, ndi nambala ya foni imene mmisiri wa kuno kwathu angaimbe n'kuyankhidwa ndi mmisiri mnzake.

Ine wanu,
Mmisiri wa makompyuta,
Dedza